Kamera Ili Kumbuyo, Koma Udindo Uli pa Chiwongolero

Achinyamata anzathu, zambiri mwa galimoto zimene zimanyamula anthu pa msewu wa M1, kuchokera ku Nchalo kudzera pa Ngabu pano mpaka ku Bangula, n'zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, monga Sienta ndi Freed. Zina mwa izo zimabwera ndi kamera kumbuyo. Dalaivala akangolowetsa giya ya rivesi, kasikirini ka pafupi ndi chiwongolero kamamuonetsa zimene zili kumbuyo kwake. Chipangizochi n'chabwino, sitikuchinyoza ayi. Nkhawa yathu ndi yakuti ena mwa ife tayamba kuiwala kutembenuza khosi.

Lamulo lokakamiza kamerayi linayamba ndi maliro. Mu 2002, ku America, mwana wa zaka 2, Cameron Gulbransen, anamwalira atagundidwa ndi bambo ake omwe, amene sanamuone pobweza galimoto pakhomo. Mu 2008 dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina la mwanayo, ndipo kuyambira mu May 2018 galimoto zing'onozing'ono zonse zatsopano zogulitsidwa kumeneko zimayenera kukhala ndi kamera. Komabe, mu 2016 bungwe lofufuza za ngozi la IIHS linapeza kuti kamera imapewetsa ngozi pafupifupi imodzi yokha mwa ngozi 6 zochitika pobwerera m'mbuyo. Zisanu zotsalazo zikudikirabe maso a munthu.

Ngati zili choncho m'misewu ya phula ya ku America, nanga bwanji kuno ku chigwa? M'chilimwe fumbi limaphimba kadiso ka kamera, m'dzinja matope amakamata, ndipo dzuwa likawomba pa sikirini chithunzi chimazilala. Chachikulu n'chakuti kamera imaona kadera kochepa ka kumbuyo kokha. Siona wakabaza amene akutulukira cham'mbali ndi liwiro, ndipo siona kunsi kwa galimoto. Tonse tikudziwa kuti m'mwezi wa October, kutentha kukapitirira madigiri 40, mthunzi wa galimoto yoima umaitana mbuzi, nkhuku, ngakhalenso mwana wokwawa amene amayi ake atanganidwa ndi malonda pamsika. Sikirini ingathe kuonetsa kuti kumbuyo kulibe kanthu pamene mwana wagona pafupi ndi tayala.

Madalaivala akale a malole a thonje ndi mabasi anali ndi mwambo wawo. Asanalize injini ankayamba azungulira galimoto ndi kusuzumira kunsi. Pobwerera, kondakitala ankatsika n'kumamenya m'mbali mwa galimoto uku akufuula kuti, “Bwera, bwera, basi!” Mwambowu unali wa kudzichepetsa, pakuti dalaivala ankavomereza kuti maso ake paokha sakwanira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Lero wachinyamata amene waphunzirira pa galimoto ya kamera amachita manyazi kufunsa, ndipo tsiku limene waya waduka, kapena wapatsidwa lole yopanda sikirini, amasowa pogwira.

Mpingo nawo sunakhale chete pa za pamsewu. Mu 2007 ku Vatican kunatuluka malangizo okhala ndi malamulo khumi a madalaivala, ndipo loyamba mwa iwo ndi lamulo lachisanu la Mulungu lija, loletsa kupha. Mwana akapondedwa, amene adzaime pamaso pa apolisi, pamaso pa mayi wolira ndi pamaso pa Mulungu ndi dalaivala. Palibe amene adzaitane kamera kuti idzayankhe mlandu.

Choncho, inu amene mukuphunzira kuyendetsa, pemphani aphunzitsi anu akuzoloweretseni kubwerera ndi magalasi ndi khosi, sikirini ataiphimba. Inu amene muli kale ndi laisensi, zungulirani galimoto musanakwere, pukutani kamera, tsitsani galasi la pawindo kuti mumve mawu a anthu, lizani hutala, kenaka bwererani pang'onopang'ono. Pa tchalitchi Misa ikatha, pamene ana a Tilitonse akuthamangathamanga pabwalo, mmodzi wa ife aziima kumbuyo kwa galimoto iliyonse imene ikutuluka. Ntchito imeneyi sitenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo Lamulungu likubwerali tikhoza kuiyamba.