Ufa wa tumabowo wokama madzi mu mphepo

Amene mumadzuka 04:00 kukaima pa mzere ndi zigubu ku Kanyama kapena ku Chawama, nkhani iyi ndi yanu, olo kuti yachokera kutali maningi.

Pa 8 October 2025 mphoto ya Nobel ya chemistry inapita kwa anthu atatu: Susumu Kitagawa wa ku Japan, Richard Robson wa ku University of Melbourne ndi Omar Yaghi wa ku Berkeley, America. Chimene anapanga achitcha MOF. Mukachiona m'botolo mungati ndi ufa chabe.

Koma mkati mwake ndi mabowo okhaokha. Ganizirani zitsulo zija omanga amaimika pomanga nyumba ya gorofa: mizati, zolumikizira, pakati mphepo. MOF ndi chimodzimodzi, kungoti ndi yaing'ono yosaoneka ndi maso. Pa makona pali tuzitsulo, mizati yake ndi ya carbon. Ba Robson poyamba mu 1989 anasewenzetsa kopa, inde kopa ngati yomwe tikumba ku Copperbelt, koma chimango chawo chinali kugwa msanga. Ba Yaghi mu 1999 anabwera ndi cholimba, MOF-5. Magalamu ochepa chabe, mutati muyale zipupa za tuzipinda twake tonse, mudzaza bwalo la mpira.

Malasha nawo ali ndi mabowo, ndiye chifukwa chake amayi amaika kakhala mu fridge kuti kamwe fungo. Kusiyana kwake, mabowo a malasha ndi achisawawa, pamene a MOF munthu amachita kupima kukula kwake kuti agwire chinthu chimene iye afuna.

Manje nkhani ya madzi. Ba Yaghi anakulira ku Amman, ku Jordan, m'banja la othawa kwawo ku Palestine, ndipo madzi pa mpope anali kubwera kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Munthu wotere zigubu azidziwa. Gulu lawo linapanga kabokosi: usiku ufa umamwa chinyezi cha mu mphepo, dzuwa likatuluka umatentha ndi kutulutsa nthunzi, nthunziyo n'kukhala madontho. Malaiti safunika, ZESCO ipite ibwere. Anakayesa ku Death Valley, chipululu chowotcha koopsa ku California, ndipo madzi anatuluka.

Angati? Apa mwandi musataye dramu yanu. Kilo imodzi ya ufa inapereka pafupifupi kapu imodzi patsiku. Nyumba ya anthu 7, kusamba, kuchapa, nsima, muwerenge mweka.

Ine chimene chandikoka mtima ndi china. Zipatso zikamapsa zimatulutsa mpweya wa ethylene umene umapsetsa zinzake, ndipo pali ma MOF ogwira mpweya umenewu. Pitani ku Soweto Market madzulo mukaone mabokosi a tomato amene aphwetekera m'manja mwa amayi ogulitsa, ndalama ya oda isanabwerere. Kathumba ka ufa kopatsa tomato masiku ena awiri atatu, ine ndingakaike patsogolo kupambana kapu ija ya ku Death Valley.