Kamera Yolondera Pakhomo Ikamadukaduka

Mabanja ena, makamaka amene ana awo ali kutali ku ntchito, aika kamera pakhomo kuti aziona khola ndi nkhokwe pa foni. Dandaulo limene timva kaŵirikaŵiri ndi lakuti kamerayo ileka kulumikizana ndi rauta, kabokosi kogaŵa intaneti kaja, ndipo nthaŵi zina itero usiku, pamene mbala ziyenda.

Musafulumire kuiyesa yakufa. Yambani mwaichotsa pamalo pake, muiike pafupi ndi rauta, igone pomwepo usiku umodzi. Ikapanda kuduka, mlandu suli wa kamera ai, koma wa mtunda ndi zotchinga. Mafunde a Wi-Fi afooka popyola khoma la njerwa, ndipo malata ndi thanki ya madzi ziwatsekereza koposa. Tsono rauta musaibise m'kabati monga achitira ena poopa fumbi. Ikhale pamwamba, pafupi ndi zenera lopenya kumene kuli kamera. Dziŵaninso kuti makamera ambiri amva mafunde a 2.4 GHz okha, amene afika patali kuposa a 5 GHz. Pemphani wodziŵa aone ngati mafundewo ali otsegula mu rauta.

Ikadukabe ili pafupi, yang'anani magetsi. Batire la sola likatha mphamvu m'bandakucha, rauta ndi kamera zizimira pamodzi, anthu namangonamizira netiweki. Chingwe chosagwira bwino chichita chimodzimodzi.

Ngati kamera ili ndi poika memori khadi, ikanimo khadiyo, pakuti makamera ambiri asungabe zithunzi ngakhale Wi-Fi itaduka, malinga magetsi alipo.