Musakankhire mwana kwa chidole chifukwa cha chithunzi

Chaka chilichonse, kuyambira mu November mpaka cha mu April, padoko la Durban ku South Africa pamanyamuka sitima zikuluzikulu zapamadzi za kampani ya MSC zopita ndi anthu kokasangalala ku Portuguese Island ndi ku Pomene m'dziko la Mozambique. Ulendo wake umakhala wa masiku atatu kapena anayi. Abale athu amene ali pantchito ku Joni akuzidziwa sitima zimenezi, ndipo ena amasunga ndalama miyezi yambiri kuti atengeko banja lawo.

Musaganize za Ilala yathu ija ayi. Izi ndi nyumba zosanja zoyandama, muli madamu osambiramo, malo odyera ndi makalabu a ana. Ku MSC ana amawagawa potengera misinkhu: osakwana zaka zitatu paokha, a zaka 3 mpaka 6 paokha, a zaka 7 mpaka 11 paokhanso. Pofuna kuwasangalatsa kumatulukira Doremi, chidole cha kampaniyi chomwe mkati mwake mumakhala munthu. M'sitima za Disney, zomwe zidayamba kuyenda mu 1998, ntchito imeneyi ndi ya Mickey Mouse ndi anzake.

Apa ndiye pamayambira mlandu. Mwana amene kunyumba sachoka pa TV akamaonetsa makatuni, akangoona chidolecho chikubwera chitatambasula manja amakuwa ngati wapsa, n'kukakamira mwendo wa mayi ake. Bambo foni ili m'manja, anthu ali pamzere kumbuyo, ndalama zaulendo zidapita kale. Mapeto ake mwana amanyamulidwa n'kukapachikidwa m'manja mwa chinthu chimene akuchiopacho, kwinaku akumuuza kuti asachititse manyazi.

Ine ndikuti pamenepa wolakwa si mwana. Taganizani kutalika kwake. Pa TV Mickey Mouse ndi kambewa kochepa ngati chikhatho, koma pano wasanduka chimphona chotalika kwambiri kuposa mwanayo, chimutu ngati mtanga, maso osaphethira, pakamwa posekerera mosasintha, ndipo sayankhula. Mwana amadziwa za mumtima mwa munthu poyang'ana nkhope. Nkhope yosasuntha simuuza kanthu. Nanga inu, chinthu chotalika kawiri kuposa inu chitakulungamani chosanena mawu, mungaime n'kumwetulira?

Komanso mwana wamng'ono sanafike posiyanitsa maonekedwe a chinthu ndi chimene chinthucho chili. Mu 1969 katswiri wina wa ku America, Rheta DeVries, adaonetsa ana a zaka 3 mpaka 6 mphaka wofatsa dzina lake Maynard, kenaka adamuveka chigoba cha galu wolusa anawo ali pomwepo. Ambiri mwa a zaka zitatu adakhulupirira kuti mphaka uja wasandukadi galu. A zaka zisanu ndi chimodzi sadapusitsike. Ndiye mukamuuza mwana wa zaka zitatu kuti "usaope, mkatimo muli munthu," mukunena zoona, koma nzeru zake sizinakhwime kuti zigwire mfundo imeneyo pamene maso ake akuona zina.

Chimene chimathandiza chidadziwika kalekale. Mu 1924 Mary Cover Jones adathandiza kamnyamata kotchedwa Peter komwe kamaopa kalulu. Sadamuponyere kaluluyo pamiyendo. Amamuika patali m'chikwere mwanayo akudya chakudya chomwe amachikonda, ndipo tsiku ndi tsiku amamusendeza pafupi pang'ono, mpaka Peter adafika pomamusisita yekha. Adagwiritsanso ntchito ana ena osaopa kalulu kuti Peter aziwaona akusewera naye.

Njira yake ndi yomweyo ngakhale musitima. Imani kutali, mwana ali m'manja mwanu kapena kumbuyo, aone anzake akupereka moni kwa chidolecho. Akafuna kubaibitsa ali komweko, zakwana za tsikulo. Mawa mwina asendera, mkuja mwina akhudza dzanja. Mwinanso ulendo utha asanasendere n'komwe, ndipo palibe chimene chatayika. Pitani inuyo mukachipatse moni iye akuona, poti mwana akakayika amayamba wayang'ana nkhope ya kholo lake kuti adziwe ngati pali choopsa. Mukakwinya nkhope chifukwa cha manyazi, iye amawerenga kuti zinthu zavutadi.

Chidolecho chisamudzidzimutse. Musitima mumakhala ndondomeko ya zochitika za tsiku lililonse, ndiye onani nthawi imene zidole zitulukire n'kumuuziratu mwana. Musananyamuke kunyumba muonetseni pafoni kanema wa chidolecho chitaima ndi ana enieni, osati katuni, kuti adziwiretu kukula kwake. Ndipo pomusiya kukalabu, auzeni omusamalira mosabisa kuti mwanayu amaopa zidole, amusunthire pambali zikamalowa kapena akuitaneni. Kubisa poopa kuti akusekani n'kumupereka mwana, chifukwa chidzamupeza inu kulibe. Dziwaninso kuti munthu ali mkati mwa chidole saona bwino, makamaka pansi pomwe pali ana, choncho si iye angazindikire msanga kuti mwana wanu wauma ndi mantha.

Wina anena kuti izi n'za anthu a ndalama, ife za sitima zatikhudza pati? Dikirani December. Father Christmas adzakhala pakhomo pa sitolo zikuluzikulu m'tauni, ndevu za thonje zitaphimba nkhope, ndipo mudzaona makolo akukankhira ana olira pamiyendo pake. Kumapate a tsiku lobadwa ndi kusukulu zamkaka nakonso masiku ano amaitanitsa zidole zoterezi. Misozi yake ndi yomweyo.

Kwathu kuno tili ndi vuto lina lomwe timadziputira tokha. Mwana akakana kudya timati tikuitanira chilombo. Akakana kugona timati Gule akubwera kudzakutenga. Tikatero kwa zaka ziwiri, tsiku lina n'kumutengera kwa chinthu chobisa nkhope tikuti kapereke moni, tikudabwa chiyani akathawa? Iye wangosunga phunziro lathu. Pano ndisamveke molakwika: Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005, si chidole chosangalatsa alendo, ndipo ali ndi malamulo ndi ulemu wake zomwe eni mwambo amaphunzitsa panthawi yake. Kumusandutsa chikwapu choopsezera mwana wokana phala n'kumuchepetsa, komanso n'kumuzoloweza mwana kuti chilichonse chovala chigoba chabwera kudzamulanga.

Ena amati kumulekerera mwana kuti athawe ndiko kulera wamantha, makamaka akakhala wamwamuna. Mfundoyi ili ndi kachoonadi pang'ono: mukamamubisa kotheratu, osafuna kuti achione n'komwe chidolecho, mantha sachoka. Koma pakati pa kubisa ndi kukakamiza pali mtunda wautali, ndipo ndi mmene muli kuima patali kuja, kuonerera ndi kusendera mwakufuna kwake. Wokakamizidwa amaphunzira chinthu chimodzi chokha, chakuti akachita mantha ngakhale mayi ake samuteteza. Kumuseka pagulu kapena kutumiza kanema wa kulira kwake pa WhatsApp kuti abale aseke nawo kumangowonjezera manyazi pamwamba pa mantha.

Ana ambiri amasiya okha kuopa zidole akamayandikira msinkhu woyamba sukulu ya pulayimale. Koma ngati mwana wakula ndithu ndipo manthawo akumulepheretsa kugona, kupita kusukulu kapena kusewera ndi anzake kwa miyezi yambiri, kaonaneni ndi achipatala, muwafotokozere pomwe zidayambira ndi zimene mwakhala mukumuuza kunyumba.