Matiresi a m'nyumba mwanu anagulidwa poyesa msana wa ndani?

Amayi anzathu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, lero tikambe za pogona. Eee, pogona penipeni: mphasa, mkeka, matiresi, bedi ndi neti. Wina afunsa kuti ufulu wa amayi wafika pati mpaka tizikamba za mphasa. Ife tikuti wafika pomwepo, chifukwa m'makomo ambiri muno m'chigwa, thupi limene latopa kwambiri ndi limene limagona poipa kwambiri.

Taonani mmene zimakhalira. Mimba ikakula kapena mwana akabadwa, amene amatsika pabedi n'kukayala mphasa pansi ndi mayi. Bambo amatsala pamatiresi. Kukabwera mlendo, amene amasamutsidwa ndi mtsikana. Agogo aakazi amapatsidwa mkeka wothetheka umene wina aliyense waukana. Koma ndi mayi yemweyo amene wasenza chigubu cha malita 20 kuchokera kumjigo, komwe ndi kusenza makilogalamu 20 pamutu, walima kudimba ali chiweramire, mwana ali kumsana. Palibe amene anakhala pansi n'kugamula kuti zizikhala choncho, zinangozolowereka basi. Nde ife tikuti tiyambe kufunsa: pogona pabwino m'nyumba muno pakufunika kwambiri kwa ndani usiku uno?

Pali mawu amene amatitonthoza nawo, akuti wodwala msana azigona pansi, polimba ndiye mankhwala. Sizoona kwa aliyense. M'chaka cha 2003 magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet inasindikiza kafukufuku wa ku Spain wa anthu 313 odwala msana kwa nthawi yaitali. Amene anagona pa matiresi olimba pang'ono anapeza bwino kuposa amene anagona pa olimba kwambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mukagona chammbali pa mphasa yoyala pasimenti, thupi lonse limatsamira pa phewa ndi chiuno, chapakati n'kulendewera, msana n'kupindika usiku wonse. Ife amayi ambiri chiuno n'chachikulu kuposa cha abambo, ndiye kupindikako kumakula. Mpake kudzuka dzanja litachita dzanzi.

Koma musathamangire siponji yofewa ija yotchipa. Imeneyo ikatha miyezi ingapo imakumba dzenje pakati, ndipo wolemera ndi amene amalikumba, wopepuka n'kumagubudukiramo. Matiresi otere amaposedwa ndi mphasa ziwiri zosanjikiza bwino, bulangete lopinda lili pachiuno.

Ndalama za banki m'khonde zikagawidwa n'kuganiza zogula matiresi pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula, pitani nokha, musangotuma. Musanyengeke ndi mainchesi okha. Nyamulani matiresi awiri ofanana kukula: olemerawo ndiye kuti siponji yake ndi yothinana, sakuphwa msanga. Kenako gonanipo. Tikudziwa, mayi kugona chammbali musitolo anthu akuona, ena aseka, wogulitsa achita tsinya. Asiyeni. Nsapato timayesa tisanalipire, nanga chinthu chimene tigonepo zaka zambiri tingochidina ndi chala? Gonani mmene mumagonera kunyumba, mnzanu aone ngati msana wawongoka kuchokera pakhosi mpaka pachiuno. Mukamva thabwa kapena simenti pansi pa chiuno, ndi opyapyala kwa thupi lanu.

Ndipo mukafika nawo kunyumba, chotsani pulasitiki ija. Timaisiya kuti matiresi asade, koma kuno October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Pulasitiki siipuma, thukuta limangodikha pamsana, munthu n'kumatembenuka mpaka tambala kulira. Yalani mkeka wa mlaza kapena chitenje cha thonje pamwamba pake. Apa mphasa ya bango tisainyoze, imapitisa mphepo kuposa siponji iliyonse.

Kwa inu oyembekezera, nkhaniyi yaposa ya kutopa. Kuyambira masabata 28, muzigona chammbali, osati chagada. Mukagona chagada, chiberekero cholemera chimapsinja mtsempha waukulu umene umabweza magazi kumtima, ndipo magazi opita kwa mwana amachepa. Akafukufuku a ku New Zealand ndi ku Britain anapeza kuti amayi amene amayamba tulo ali chagada m'miyezi yomalizayi amakhala pachiopsezo chokulirapo choti mwana afere m'mimba. Mukadzidzimuka usiku muli chagada musachite mantha, ingotembenukani. Ikani pilo kapena zitenje zopinda pakati pa mawondo, china pansi pa mimba. Tsono tiuzeni, mayi wa mimba ya miyezi isanu ndi itatu angakhalitse bwanji chammbali pa mphasa imodzi pasimenti, chiuno chikuwawa? Amatembenukira chagada chifukwa cha ululu. Abambo amene mumawerenga tsamba lino, nthawi imeneyi matiresi ndi a mayi. Tsikani ndinu.

Khanda ndiye zake n'zosiyana: ligone chagada, pamalo olimba ndi osalala, popanda pilo kapena mulu wa nsalu kumaso. Matiresi a dzenje aja ndi oopsa kwa khanda.

Kutalika kwa bedi nakonso n'kofunika. Mayi amene wachitidwa opareshoni pobereka, kapena agogo a mawondo owawa, kudzuka kuchokera pansi ndi ntchito yowawa, ndipo usiku amadzuka kangapo. Bedi loyenera ndi limene mukakhala m'mphepete mwake mapazi amaponda pansi bwinobwino, mawondo ali pafupifupi mulingo umodzi ndi chiuno. Muuzeni kalipentala ayese inuyo, osati kungokhoma mmene anazolowera. Matabwa apansi akhale oyandikana koma osiya timipata topitira mphepo.

Pogona paliponse m'chigwa chino popanda neti ndi posakwanira. Makolo athu ankadziwa zimenezi. David Livingstone, amene anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, analemba za fumba, mkeka wosokedwa ngati thumba umene anthu a m'mbali mwa Zambezi ankalowamo pogona. Ife tili ndi neti, imene amapereka ulere kusikelo ya amayi oyembekezera. Netiyo ndi ya mayi ndi mwana. Si yophera nsomba ku Elephant Marsh, si yotchingira mbewu kudimba, si yoti itsale pabedi mayi atatsikira pansi. Kukatentha n'kutulutsa mphasa pakhonde, neti ituluke nawo, ndipo ipisidwe pansi pa mphasa mbali zonse. Zoti neti imabweretsa nsikidzi timazimva, koma nsikidzi zimakhala kale m'ming'alu ya bedi, m'misoko ya matiresi ndi m'khoma. Tulutsani zonse padzuwa, thirani madzi otentha m'malumikiziro a bedi, matani ming'alu.

Tikudziwanso kuti ambiri kuno agula matiresi kawiri kapena katatu, osati chifukwa chofuna. Madzi a January 2015 anatenga, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu March 2023. Anthu a ku Makhanga ndi madera ena a East Bank amaidziwa bwino nkhaniyi. Siponji ikamwa madzi a matope siibwereranso. Kumisasa, anthu amagona m'makalasi, pasimenti, mayi wa mimba ndi nkhalamba chimodzimodzi ndi mnyamata wa zaka 18. Chimanga, zidebe ndi mabulangete n'zofunika, sitikutsutsa. Koma tikupempha makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, a DoDMA ndi mabungwe othandiza kuti polemba mayina pamsasa azilemberatu oyembekezera, amene angobereka kumene, okalamba ndi aulumali, ndipo matiresi ndi neti zikafika ziyambire kwa iwowo. Amayi amene muli m'makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi m'midzi, kanenereni zimenezi panopa, mvula isanayambe.

Chinanso chimene chimalanda mayi pogona si madzi, ndi achibale. Mwamuna akamwalira, maliro asanazizire n'komwe, bedi ndi matiresi zili kale pangolo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, likuti munthu akamwalira osasiya wilo, katundu wa m'nyumba amatsala ndi mkazi kapena mwamuna wake, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Kaya lobola inaperekedwa, bedi limenelo ndi katundu wa m'nyumba. Akabwera kudzalinyamula, kaneneni kwa amfumu, ndipo akapanda kuthandiza pitani ku Victim Support Unit pa polisi yapafupi kapena kukhoti la majisitireti.