Nthunzi Sichiza Kuiwala kwa Odwala Khansa ya M'magazi

Odwala khansa ya m'magazi yokhalitsa, monga CML ndi CLL, kawirikawiri amadandaula za kuiwalaiwala ndi kulemera kwa mutu. Ena amva kuti sauna, chipinda chotentha cha ku Finland, imanola ubongo, ndiye ayamba kudzifukiza m'bulangeti ndi masamba a bulugamu monga zinalili nthawi ya Covid-19. Ine ndikuti asatero.

N'zoona kuti kafukufuku wa ku Kuopio, ku Finland, anapeza kuti abambo olowa sauna kanayi kapena kuposera pa sabata sankagwidwa kwambiri ndi matenda oiwala a ukalamba. Koma kafukufukuyo sanali wa odwala khansa.

Kutentha kumafutukula mitsempha, kumatsitsa BP ndi kuchotsa madzi m'thupi kudzera m'thukuta. Wochepa magazi amachita chizungulire n'kugwa, ndipo ngati magazi ake sagwirana msanga, kugwa kokhako kungamutayitse magazi m'mutu.

Kusokonezeka kwadzidzidzi kungabwere ndi malungo, matenda ena opatsirana kapena kuchepa kwa magazi. Wodwala wotere amafunika kuyezedwa tsiku lomwelo, osati kufunditsidwa bulangeti. Achibale, lembani zimene waiwala ndi tsiku lake, kawonetseni dokotala, ndipo asasiye kumwa imatinib kapena mankhwala ena amene anapatsidwa.