Kukoma kwa njinga m'mapiri kuli pa mabuleki

Ife a ku Vubwi timaseka tikamva kuti kumaiko a azungu kuli anthu amene amalipira ndalama zambiri kuti akapalase njinga m'mapiri, opanda thumba la cimanga kumbuyo, osapita kucigayo kapena kucipatala. Masewerawa anayamba m'zaka za m'ma 1970 ku California, m'dziko la America, pamene anyamata anali kutsika phiri la Tamalpais pa njinga zakale zolemera. Mu 1996 analowa m'mipikisano ya Olympics ku Atlanta. Lero kuli njinga zochedwa all-mountain, zopangidwira kukwera ndi kutsika komwe: matayala aakulu, magiya ambiri, masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo, ndi mabuleki ogwira msanga.

Kodi anthuwa amakondwera ndi ciani? Amakonda thukuta la pacitunda, cifukwa akafika pamwamba amaona dziko lonse lili pansi pao. Amakonda mphepo ya pamtsetse, pamene miyendo ipumula ndipo maso ndi manja ndiwo agwira nchito, kulewa mwala uwu ndi muzu uwo. Amakondanso bata la m'thengo ndi kuyenda pagulu, wina akaboola cubu onse aima.

Zonsezi si zacilendo kwa ife. Boma lathu, limene linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, ndi la mapiri ndi zigwa. Mlimi wocokera kumsika atagulitsa soya wake, katekisiti wobwerera kucokera kumphakati wakutali, mwana wa sukulu wotsetsereka m'mawa, onsewa adziwa kukoma kumeneku. Akuluakulu akumbukira njinga za Eagle zimene zinali kupangidwa ku Luangwa Industries ku Chipata, ndipo tsopano m'midzi muli za Buffalo, zimene bungwe la World Bicycle Relief, loyamba mu 2005, linabweretsa. Cisangalalo cotere ndi mphatso ya Mulungu, ndipo tisacite naco manyazi.

Koma walira mvula walira matope. Anzathu a maseweraŵa amasangalala pamtsetse cifukwa asananyamuke amayesa mabuleki, amapopa matayala, ndipo amabvala cisoti colimba kumutu. Nanga ife? Njinga zambiri kuno zilibe marabala a mabuleki. Wokwera amaponda tayala ndi patapata kuti aime, kwinaku wamanga matumba atatu. Kaliya ya Buffalo, imene ndi yolimba kwambiri, anaipangira makilogalamu 100, ndiko kuti matumba awiri a 50. Katundu akaculuka kumbuyo, tayala la kutsogolo limapepuka, handulo imaleka kumvera, ndipo pamtsetse wa miyala munthu amangoona ali m'ngalande. Mutu wa banja akathyoka mwendo mwezi wa June kapena July, ndani adzapereka cimanga ku FRA? Ndani adzakonza munda mvula isanagwe?

Tipempha zinthu zitatu. Coyamba, marabala a mabuleki agulidwe pa ndalama zoyamba za zokolola, mowa ndi zina zibwere pambuyo. Caciwiri, pamtsetse woopsa muli ndi katundu, kapena mwanyamula mai wapakati, tsikani muguze njinga. Palibe amene anacepa cifukwa coyenda pansi. Cacitatu, atsogoleri a miphakati ndi a makopaletivu asankhe Loweruka limodzi nyengo ya misika isanayambe, aitane okonza njinga, aliyense abwere ndi yake ionedwe. Acinyamata a m'parishi akafuna mpikisano wokwera phiri, tiwalole ndi manja awiri, malinga njinga iliyonse iyambe yayesedwa ndi akulu.

Mapiri amene ena amawafunafuna ndi ndege ife tili nao pakhomo. Tiyeni tikondwere nao, koma madzulo aliyense afike kwao wamoyo, ana amulandire katundu.