Mapointi a dokota sangagwile nchito popanda madzi a pamsana

Mlongo wanu wakhala akudandaula mutu kwa milungu iwili. Thupi latentha, khosi lauma, ndipo dzulo wayamba kukamba zosamveka. Mwafika naye ku cipatala, dokota akuti afuna kutenga madzi a pamsana. Pomwepo acibale akokelana pa khonde: "Musavomele, ija nyeleti imapha." Ambili a ife mu Lusaka tinawamvapo mau awa, ndipo ena amafunsa kuti, kodi dokota sangangoona zizindikilo n'kupeleka mankhwala?

Funso ili madokota analiyesa kale. TB ikafika ku kakhungu kokuta ubongo, ivuta kuigwila, cifukwa tulombo twake tumakhala tocepa kwambili m'madzi a pamsana. Mu 2002, Guy Thwaites ndi anzake ku Ho Chi Minh City, m'dziko la Vietnam, anapanga njila yowelengela mapointi. Imayang'ana zinthu zisanu: zaka za wodwala, masiku amene wadwala, maselo oyela m'magazi, maselo oyela m'madzi a pamsana, ndi kuculuka kwa mtundu wa maselo ochedwa neutrophil m'madzi omwewo. Wodwala akakwanitsa masiku 6 kapena kuposa, amacotsa mapointi 5. Zonse zikaphatikizidwa n'kupezeka 4 kapena kucepela, ndiye kuti aganizila TB.

Ku Vietnam njilayi inathandiza. Koma inapangidwa kuti isiyanitse TB ndi meningitis ya mabakiteliya ena, imene imagwetsa munthu m'masiku ocepa. Pamene anaiyesa ku cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene odwala ambili anali ndi HIV, zotulukapo za mu 2008 zinaonetsa kuti inagwila 78 pelesenti ya odwala TB, koma pa amene analibe TB inazindikila 43 pelesenti cabe. Ndiye kuti oposa theka la amene analibe TB, mapointi anawanamizila.

Cinasokoneza n'ciani? Kuno kwathu tili ndi matenda ena amene amayenda monga TB: cryptococcal meningitis, yobwela ndi kafangasi kamene kamagwila anthu amene HIV yafooketsa thupi. Nayo imayamba pang'ono-pang'ono, nayo imaonetsa maselo ocepa m'madzi a pamsana. Pa pepala la mapointi, awili awa aoneka ngati mapasa, koma mankhwala awo ni osiyana kothelatu. Wodwala fangasi mukam'patsa mankhwala a TB, matenda ake eni-eni apitiliza kukula. Wodwala TB mukam'cedwetsa, akhoza kufa kapena kutsala wolemala.

Palinso njila ina ya mapointi 20, imene Suzaan Marais ndi anzake anafalitsa mu 2010. Iyo inapangidwila ofufuza, kuti azigwilizana pa amene awelengedwe monga wodwala TB ya mu ubongo. Kuitenga ngati woweluza pa bedi la wodwala n'kuisenzetsa katundu amene si wake.

Sinikamba kuti mapointi atayidwe. Pa cipatala ca kutali cimene cilibe makina, amathandiza dokota kuganizila TB msanga, m'malo moyembekeza kuti tulombo tumele mu labu kwa milungu. Ngakhale Xpert Ultra, imene WHO inavomeleza mu 2017, imaphonya odwala ena, conco ikakamba kuti kulibe TB, dokota afunikabe kuyang'ana wodwala ndi kuganiza.

Koma onani cinthu cimodzi. Pa zinthu zisanu za Thwaites, ziwili zicokela m'madzi a pamsana. Xpert ifuna madzi omwewo, ndipo kupima kwa CrAg, kumene kumaonetsa fangasi m'mphindi pafupi-fupi 10, nako kumatsimikiza bwino pa madziwo. Banja likakana, dokota amatsala akungolota.

Nyeleti inapatsidwa dzina loipa cifukwa timaivomela mocedwa, wodwala atafooka kale, ndiye akamwalila timati ndiyo yamupha. Ise acinyamata ndise timapelekeza odwala, ndise timamasulila makolo zimene dokota wakamba. Tsiku limene mudzaimilila pa khonde lija, funsani dokota kuti madziwo adzawapima ciani, zotulukapo zidzabwela liti, ndipo ngati fangasi aiyang'ana. Mukamva, fotokozelani amai ndi amalume mofatsa, ndipo vomelani tsiku lomwelo.